Tikupanga go-kart pakhonde ndi ana, thandizeni nzeru

Bambo a Mapasa, Rosettenville:
Moni nonse pagulu pano. Lero sindinabwere ndi nkhani ya mapasipoti kapena ya mabasi opita kumudzi ayi. Mapasa anga, mnyamata ndi mtsikana, akwanitsa zaka 11 mwezi wathawu. Anabadwira konkuno ku Johannesburg. Ine ndimachoka pakhomo kusanache, kubwera dzuwa litalowa, ndipo ndikafika ndimapeza aliyense maso ali pa foni. Timapatsana moni, timadya nsima, basi tsiku latha. Zakhala zikundiwawa mumtima kwa nthawi yaitali.

Lamulungu lapitalo ndinatola mawaya otsala kuntchito n'kukhala pakhonde kumapinda kagalimoto monga tinkachitira ku Ndirande tili ana, matayala odula ku patapata wakutha, chiwongolero cha waya wautali chofika m'chiuno. Sindinaitane mwana aliyense. Ndinangoona mtsikana wasiya foni, wakhala pambali panga, akufunsa kuti matayala akutsogolowa akukhota bwanji. Pofika madzulo mlongo wake anati, "Adadi, bwanji tipange yeniyeni yoti tizikweramo?" Ndinavomera nthawi yomweyo kuti tipanga go-kart, kagalimoto kakang'ono ka injini kokwera munthu mmodzi.

Zimene ndili nazo ndi izi: jenereta imene tinagula nthawi ija magetsi ankangozimazima, mbali ya magetsi inapsa koma injini imalira bwinobwino, matayala anayi a wilibala, ndi mapaipi a madzi akale amene eni nyumba anandipatsa. Safunsa anadya phula. Amene mukudziwa za zitsulo ndi mainjini, ndiyambire pati?

Wowotcherera wa ku Booysens:
Achimwene, mwaganiza bwino kwambiri. Koma mapaipi a madziwo asiyeni. Ngati ali otuwa aja, anakutidwa ndi zinki, ndipo mukawawotcherera amatulutsa utsi woyera woipa. Ine unandigwirapo ndili wophunzira ntchito. Usiku wake ndinanjenjemera, mutu kuwawa, thupi lonse kuphwanya ngati malungo. Ena amati ukamwa mkaka zimatha, koma mkaka umapita m'mimba pamene utsi wapita m'mapapo. Pafupi ndi ana musayerekeze n'komwe.

Gulani chitsulo cha makona anayi cha 25 mm mbali zonse, chokhuthala 2 mm. Amagulitsa m'mitanda ya mamita 6, ndipo iwiri ikukwanirani. Musanadule chilichonse, khazikani mwana wamtali pansi pa simenti, atambasule miyendo ngati akuponda buleki, mum'zungulire ndi choko. Pamenepo ndiye pulani yanu. Mpando ukhale pansi kwenikweni ndipo matayala atalikirane m'lifupi, kagalimoto kakatalika m'mwamba kamagudubuzika pokhota.

Mukadula, mubwere nazo Loweruka kuno, makina ndili nawo ndi ndodo zowotcherera za 6013 za 2.5 mm. Ana abwere, koma ndikamayatsa moto azikhala atavala chophimba kumaso kapena atuluke panja. Kuwala kuja sikupweteka nthawi yomweyo, kumadzakupeza pakati pa usiku maso akumva ngati athiridwa mchenga.

Makaniko wa ku Germiston:
Ndikhumudwitseni pang'ono za jeneretayo, bambo. Mukaimasula mupeza kuti shafiti yake ndi yosongoka, imapita ichepa kumapeto, chifukwa inapangidwira kulowa m'mbali ya magetsi ija. Kilatchi ya go-kart imafuna shafiti yowongoka yokhala ndi kamzera kolowetsamo kiyi. Pa yosongokayo siigwira. Injini ya makina otchetchera kapinga nayonso ili ndi vuto lake: shafiti imaloza pansi, ndipo mukaigoneka chammbali oyilo safika m'malo mwake, imafa msanga. Za mapampu a madzi, ngati aja othiririra kudimba, zambiri zili ndi shafiti ya mazinga.

Sakani injini ya mtundu wa Honda GX160 kapena GX200, kapena zotsanzira zake zolembedwa 6.5 HP zimene zili mbwee m'masitolo a zida. GX200 ndi ya 196 cc, kwa ana ndi yokwana ndi kutsala. Mupime shafiti musanagule kilatchi. Zina ndi za 20 mm, zina ndi za magawo atatu mwa anayi a inchi, kutanthauza 19 mm ndi kanyenyeswa. Ndi maso simungasiyanitse, koma kilatchi ya imodzi siikhala bwino pa inzake. Jenereta yanuyo gulitsani kwa okonza majenereta, ndalamayo iwonjezere pa injini yoyenera.

Bambo a Mapasa, Rosettenville:
Zikomo akuluakulu. Ndamasula usiku uno ndi mnyamata atagwira tochi. N'zoonadi, shafiti ndi yosongoka. Mwana anakhumudwa, koma mwina aka n'koyamba kuti aone m'kati mwa injini, moti anakagona manja ali bii koma akusangalala.

Mayi a ku Turffontein:
Pepani abambo inu, ine mtima wanga sukukhazikika. Nonse mukukamba za injini, palibe amene watchula mutu wa mwana. Mtsikanayo tsitsi lake ndi loluka lalitali eti? Ine ndinakulira pafupi ndi chigayo ku Mchinji, ndipo ndinaona ndi maso anga lamba wa chigayo atagwira chitenje cha mayi wina amene anawerama kuti atole thumba. Zinachitika mwakanthawi kochepa kuposa kuphethira. Anapulumuka chifukwa chitenje chinamasuka. Tsitsi silimasuka. Pa kagalimoto kameneka tcheni ndi ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo chija, zikhala zikuzungulira kumbuyo kwa mutu wa mwana weniweniwo.

Chachiwiri, akayendetsa kuti? Misewu ya ku Rosettenville tonse tikuidziwa mmene matakisi amathamangiramo. Woyendetsa takisi sangaone kanthu kofika m'maondo.

Wowotcherera wa ku Booysens:
Achemwali mwanena zoona zokhazokha. Chotchinga tcheni ndichita ndekha ndi lata yokhuthala, chiphimbe kilatchi, tcheni ndi sipuloketi (gudumu la mano loyendapo tcheni), komanso chitsulo china kumbuyo kwa mpando kuti tsitsi kapena chingwe cha juzi chisafike ku ekiselo. Ngakhale zili choncho tsitsi lizimangidwa n'kulowa mu helimeti, mpango ayi, zovala zolendewera ayi, patapata ayi. Ekizozi nayonso imatentha moti mwana akaigunda ndi mkono chipsera chake n'cha moyo wonse, ndiye iloze kutali ndi mpando.

Wanjinga Yamoto, Randburg:
Ine ndimakhalira kuperekera zakudya ndi njinga yamoto tsiku lonse, ndiye za mabuleki ndilankhuleko. Bambo, pangani buleki musanagule injini. Chinthu chimene sichiima chisayambe n'komwe kuyenda. Zija zoti kachitsulo kazikhula pa tayala n'zosadalirika, tayala likanyowa basi palibe chogwira. Ndili ndi disiki ya buleki ndi kalipa (chopana disikiyo) za njinga yanga yakale imene inawonongeka kutsogolo koma kumbuyo kuli bwino. Ndikupatsani ulere, mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mumangire disikiyo pa ekiselo yakumbuyo kuti matayala onse awiri aziima limodzi.

Matayala a wilibala musawakhulupirire. Mabering'i ake anapangidwira munthu woyenda pansi atanyamula mchenga. Akathamanga amatentha, ndipo pokhota limu yake yopyapyala ija imapindika. Sakani olembedwa 13x5.00-6, amapezeka pa mathirakitala ang'onoang'ono otchetchera kapinga. Helimeti ikhale ya njinga yamoto yotseka chibwano, yokwana mutu wa mwana, osati ya abambo ake yomagwedera.

Malume a ku Jeppe:
Ine ndinene mosabisa, ndipo musandide. Tinabwera kuno kudzasaka. Kumudzi anthu akudikira feteleza, ena fizi, ena nyumba ili pa lintala zaka zitatu. Ndalama za injini, matayala, zitsulo, helimeti, mukaziphatikiza ndi malata angati? Ife tinakula ndi magalimoto a mawaya ndipo tinakula bwinobwino. Izi ndi zoseweretsa za ana a ku Sandton.

Mayi a Mapasa:
Malume, ndakhala ndikungowerenga pa foni ya bambo a kunyumba, koma apa ndiloleni ndiyankhe ndekha. Funso lanulo ndi limene ndinawafunsa tsiku loyamba, ndipo sitinagone msanga usiku umenewo. Tinagwirizana kuti ndalama yotumiza kwa amayi ku Thyolo siikhudzidwa ngakhale randi imodzi. Ya kagalimoto ikuchokera pa maovataimu a Loweruka limodzi pamwezi, ndipo mwezi umene palibe, ntchito iziima.

Koma ndikuuzeni chimene ndaona ine. Ana awa Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi kapena m'Chizulu cha kusukulu. Agogo awo akaimba foni, amangoti "ndili bwino" n'kundibwezera foni. Sabata ino ndamva mwana wanga wamkazi pakhonde akunena kuti, "Adadi, gwirani apa, ndipime kaye." Mawu amenewo sanawaphunzire kwa ine kukhitchini, wawatola kwa bambo ake akugwira ntchito. Dzulo anaimbira yekha agogo ake n'kuwafotokozera za chiwongolero mphindi khumi zathunthu, Chichewa chothyokathyoka koma agogo akumva. Nyumba ya kumudzi tikumangayo, tikumangira ana omwewa. Akadzakula osadziwana ndi bambo awo, osatha kucheza ndi abale awo, adzakalowamo ndani?

Mantha a achemwali a ku Turffontein ndi anganso. Ndanena kale kuti popanda chotchinga tcheni, helimeti ndi buleki yoti ndaiponda ndekha, mwana wanga sakwera.

Malume a ku Jeppe:
Ndamva, mayi. Ngati ya kumudzi ikupita monga kale, ndilibenso mawu. Anga ali ku Mangochi, ndimawaona kamodzi pachaka. Mwina n'chifukwa chake ndinalankhula chonchija.

Mphunzitsi wa Masamu, Kempton Park:
Bambo a mapasa, pali masamu okoma apa amene ana a zaka 11 angathe kuwerengera okha, musawachitire. Injini zimenezi zimazungulira kufika pa 3,600 pa mphindi. Kilatchi ikakhala ya mano 10 ndipo sipuloketi ya pa ekiselo ya mano 60, injini imazungulira kasanu ndi kamodzi kuti tayala lizungulire kamodzi, ndiye matayala azungulira ka 600 pa mphindi. Tayala la mainchi 13 likagubuduka kamodzi limayenda mita imodzi ndi masentimita anayi. Apatseni ana chingwe azungulize tayala apime okha. Mukachulukitsa mupeza pafupifupi makilomita 37 pa ola. Kwa munthu wokhala chala chimodzi kuchokera pansi, limenelo ndi liwiro lalikulu. Mukaika sipuloketi ya mano 72, litsika kufika cha m'ma 31, ndipo kagalimoto kazinyamuka ndi mphamvu.

Chingwe chomwecho chikuthandizaninso pa chiwongolero. Pokhota, tayala lam'kati limayenda bwalo laling'ono kuposa lakunja, choncho liyenera kupindika kwambiri. Mangani chingwe kuchokera pamene tayala lakutsogolo limatembenukira kukafika pakati penipeni pa ekiselo yakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Timikono tolumikiza ndodo za chiwongolero titsate zingwe zimenezo. Amakutcha Ackermann. Mukapanda kutero matayala amakwekwereza pansi pokhota.

Muwauzenso ana kuti sali okha. Go-kart yoyamba anaipanga Art Ingels ku California mu 1956, ndi mapaipi ndi injini ya makina otchetchera kapinga. Ayrton Senna, katswiri wa mipikisano ya magalimoto wa ku Brazil, kagalimoto kake koyamba anam'pangira ndi bambo ake. Ngakhale Brad Binder wa konkuno, amene anatenga ukatswiri wa dziko lonse lapansi pa mpikisano wa njinga zamoto wa Moto3 mu 2016, anayambira pa go-kart asanakwere njinga yamoto.

Mnyamata wa ku Cosmo City:
Makilomita 31 okha? Ndinaona pa YouTube amachotsa governor, injini yomweyo imathamanga kawiri. Bwanji osachotsa?

Makaniko wa ku Germiston:
Mphwanga, ayi. Governor ndi amene amaletsa injini kupitirira malire amene zitsulo zake zinapangidwira. Ukam'chotsa, gudumu lolemera la m'mbali mwa injini limazungulira mopyola muyezo, maginito ake angathe kuthothoka kapena lonse kusweka, ndipo zidutswa zake zimauluka ngati zipolopolo. Msana wa mwana uli pompo. Amene umawaona pa intanetiwo amasintha gudumulo ndi zitsulo zam'kati n'kuika zopangidwira mpikisano. Pa ya ana, governor asakhudzidwe.

Ndigwirizane ndi aphunzitsi pa mano 72, ndipo chifukwa china ndi ichi. Kilatchi imeneyi imayamba kugwira injini ikafika cha pa 2,000. Mwana akamayenda pang'onopang'ono kwambiri, imangokhala ikutsetsereka, imatentha mpaka kusanduka yabuluu. Ndiye ndi bwino kuchepetsa liwiro ndi sipuloketi yaikulu kusiyana ndi kungomanga moto kuti usatseguke.

Musaiwale kuti Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa Lilongwe ndi Blantyre. Mpweya kuno ndi wopepuka, injini imataya mphamvu ndithu poyerekeza ndi ku Durban, ndipo imamwa petulo wochuluka kuposa mpweya umene ikupeza. Mukaona pulagi ikuda ndi mwaye, vuto ndi limenelo, jeti ya mu kabuleta imafunika yocheperako pang'ono. Petulo wa 93 ndi wokwanira. Oyilo ndi 10W-30, wopitirira pang'ono theka la lita. Muike sipuling'i yachiwiri yobweza moto, kuti chingwe chikaduka injini izitsika yokha, ndi switchi yozimitsira pamene dzanja la mwana lifika. Mabawuti a chiwongolero ndi a mabuleki akhale olembedwa 8.8 pamutu, manati ake a pulasitiki m'kati aja osamasuka ndi kugwedera. Ndipo musailize m'galaja yotseka, utsi wake umapha mwakachetechete ngati mbaula m'chipinda.

Adimini:
Funso la mayi a ku Turffontein loti akayendetsa kuti silinayankhidwe. Malamulo a pamsewu a dziko lino, National Road Traffic Act ya 1996, salola galimoto ya injini yosalembetsedwa pamsewu wa anthu onse, ndipo mwana wa zaka 11 sangakhale ndi laisensi. Kamsewu ka kuseri kwa nyumba nakonso ndi msewu. Ife alendo tisadziputire nkhani ndi apolisi pa chinthu chopeweka. Pafunika bwalo la mwini wake amene wavomera. Mabwalo enieni a go-kart alipo, monga ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria ndi ku Vereeniging, ndipo kupita ndi ana kukaonerera tsiku la mpikisano kungawatsegule maso. Koma mipikisano ili ndi malamulo ake a bungwe la Motorsport South Africa, yopanga pakhonde siingangolowa.

Agogo a ku Mayfair:
Adzukulu, pamapiri a mchenga wa migodi paja musapiteko, ngakhale paoneke poyera pabwino. Fumbi lake ndi loipa m'chifuwa, makamaka mwezi wa Ogasiti mphepo ikamakuntha, ndipo pali maenje osaoneka. Ine ndimalondera malo osungira katundu cha ku City Deep. Lamulungu magalimoto akuluakulu sayenda, bwalo la simenti limangokhala, lili ndi mpanda. Ndikawapempha abwana, ndi munthu womva.

Bambo a Mapasa, Rosettenville:
Pepani ndinakhala chete, padutsa masabata asanu ndi awiri. Ntchito inaima mwezi umodzi chifukwa ovataimu kunalibe, monga tinapanganirana ndi mayi a kunyumba. Ana anadandaula koma anadikira, ndipo nthawi imeneyo anaithera kupala dzimbiri ndi sandipepa ndi kukangana za penti. Agwirizana wakuda, wofiira ndi wobiriwira, mtsikana akuti ajambula dzuwa kutsogolo.

Mafelemu tinawotcherera ku Booysens. Achimwene aja anapatsa mwana aliyense sikweya kuti aziona ngati ngodya zili zowongoka asanawotche, ndipo pamene mnyamata ananena kuti imodzi yapendama, anaidula n'kuyambiranso osanyinyirika. Mwanayo anakula tsiku limenelo.

Dzulo tinayesa kokankha, injini tisanaike, monga anatilangizira achimwene a njinga yamoto. Ndiye kunachitika zimene sindinaziyembekeze. Mnyamata anakhala pampando, ine ndikukankha pabwalo la nyumba, anapinda chiwongolero kumanzere, kagalimoto kanapita kumanja mpaka kukagunda ndowa. Ndinaima mutu utazungulira. Ndinayang'ana ndodo zonse, zinali zomangika bwino. Mtsikana sanalankhule. Analowa m'nyumba n'kutenga kagalimoto ka mawaya kaja, anakatembenuza chagada, akupinda chiwongolero uku akuyang'ana. Kenaka anagwada pansi pa chachikulucho nati, "Adadi, timikono ta kumatayala tili kumbuyo, koma aka ka pachiwongolero mwakaika mozondoka. Kakukankha m'malo mokoka." Zinalidi choncho. Tinamasula mabawuti awiri, kutembenuza, basi chinakhota bwinobwino. Tikanakhala titaika injini kaye, ndowa ija ikanakhala khoma.

Buleki mayi awo aiponda okha, ine ndi ana tikukankha ndi mphamvu zathu zonse. Matayala anaima nji, mpaka kusiya mizere pa simenti. Avomera.

Mayi a ku Turffontein:
Mwanayo mum'psompsone m'malo mwanga. Chotchinga tcheni chija chilipo? Tumizani chithunzi ndione ndekha.

Wowotcherera wa ku Booysens:
Chilipo achemwali, ndinayesa kulowetsa chala mbali zonse, sichikufika. Chatsala n'kuboola pomangira injini. Mabowo ake akhale ataliatali kuti injini izitha kusunthira kutsogolo ndi kumbuyo pokunga tcheni. Tcheni chisakhale chokungika ngati chingwe cha gitala, chizisewera pang'ono ngati kunenepa kwa chala.

Makaniko wa ku Germiston:
Chinthu chimodzi musadzadabwe nacho Lamulungu. Injini zambiri za mtunduwu zili ndi kachipangizo kozimitsa injini oyilo akachepa. Pokhota mwamphamvu oyilo amathawira mbali imodzi, iko n'kuganiza kuti watha, injini n'kuzima. Muyambe mwaona kuti oyilo wafika pakamwa pa chotsekera galimoto ili pamalo osapendama. Ndibwera ndi zida zanga, ulendo woyamba ndiyendetsa ndine, ndikatsika ndiye ana. Kilatchi muidonthezere oyilo pang'ono pa bushi yake yokha, asafike pa nsapato zake.

Agogo a ku Mayfair:
Abwana avomera, kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko, bola tisese tikamachoka. Ndasonkhanitsa matayala akutha khumi ndi awiri oti tiike m'makona ndi patsogolo pa mizati. Mwana mmodzi yekha pabwalo nthawi imodzi, ena onse kuseri kwa chingwe.

Malume a ku Jeppe:
Kuntchito kwathu kuli sipuloketi zakale zambiri. Ndapeza ya mano 72, ndawerenga kawiri. Bambo a mapasa, ndiuzeni ngati tcheni chanu ndi cha saizi 35 kapena 420 kuti ndidziwe ngati igwirizana. Ngati mundilola ndibwera nawo Lamulungu, ndikufuna ndijambule kavidiyo nditumizire anyamata anga ku Mangochi. Mu Disembala ndikapita, mwina tikayamba ndi yokankha.

Mayi a Mapasa:
Bwerani malume. Tcheni ndi cha 420, mtsikana wawerenga pa bokosi. Ine ndiphika nsima ndi usipa umene wabwera pa basi sabata ino, achemwali a ku Turffontein akuti atenga mandasi. Amene muli ndi helimeti yaing'ono ina mubwere nayo, chifukwa ya mnyamata ikum'thina mlongo wake tsitsi likalowa m'kati.